Galimoto ya Turbo Ikamajejema Ponyamuka

Kabuku aka ndi ka banja lomwe lili ndi galimoto ya turbo, ya manual, yomwe yayamba khalidwe ili: mwatsika pa hampu, muli mu giya yachiwiri, mwaponda moto, koma galimoto ili duu, osayankha. Pakapita sekondi imodzi kapena ziwiri ndiye imadzidzimuka n'kuyamba kukoka. Ina imadukiza, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, okwera mitu ili gwedegwede. Ina imatsamwa mpaka kutsala pang'ono kuzima pakati pa raundabauti, minibasi ili kumbuyo ikuliza hutala.

Mukangofotokozera anzanu, yankho silichedwa: "Turbo yapita imeneyo, achimwene." Kawirikawiri sizikhala choncho. Pa liwiro lotsika turbo imakhala isanayambe n'komwe ntchito yake yeniyeni, ndiye galimoto ikamavuta pamenepo, gwero lake limapezeka pa zinthu zotsika mtengo: sefa, paipi ya labala, pulagi, kasensa kodzaza fumbi, mafuta oipa, kapena giya imene woyendetsa wasankha. Turbo ndi sipeya yoti kuigula kumagwedeza ndalama za fizi ndi za feteleza. Ndiye ife tiifufuza kumapeto, zina zonse zitayeretsedwa.

Mwina galimoto ilibe mlandu

Injini imapeza mphamvu potentha mafuta osakanikirana ndi mpweya. Mbaula mukaikupiza makala amayaka kwambiri. Turbo ndi chokupizira cha injini, kungoti chokupizira ichi chimazunguzidwa ndi utsi wa moto womwewo. Utsi ukamatuluka m'injini umazunguza kagudumu ka mapiko, ndipo kagudumuko kanalumikizidwa ndi kanzake ka mbali ina, komwe kamakoka mpweya wa kunja n'kuukankhira m'masilinda. Nzeruyi ndi yakale, anailembetsa injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, mu 1905. Turbo za masiku ano zikafika pachimake zimazungulira maulendo opitirira 150,000 pa mphindi imodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Marevu akakhala otsika utsi umakhala wochepa, turbo imangozungulira mwaulesi. Pa injini zambiri zatsopano imadzuka pakati pa marevu 1,400 ndi 2,000. Pa galimoto za petulo zakale zothamanga, monga Subaru WRX, imadikira mpaka cha m'ma 3,000. Pansi pa pamenepo, injini ya 1.2 ya Polo TSI ndi kainjini ka 1.2 basi, konyamula anthu asanu ndi thumba la chimanga kumbuyo.

Malo amene muli nawonso amaonjezerapo. Kumtunda mpweya umapepuka. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe ndi Blantyre apitirira pang'ono mamita 1,000, pamene Dedza ali cha m'ma 1,600. Wochokera ku Salima akakwera pa Golomoti n'kufika ku Dedza, injini yake ikupuma mpweya wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Turbo ikadzuka imabweza chosowacho, koma isanadzuke kuchepako mumakumva kuphazi. Mukayatsanso AC masana a mu Okutobala, kainjini kamagawa mphamvu yake yochepayo pawiri.

Ndiye pali chizolowezi chathu ife oyendetsa. Mafuta akadula, ambiri timathamangira magiya apamwamba poganiza kuti tikusunga. Munthu adutsa pa hampu mu giya yachitatu, marevu ali pa 1,000, kenako aponda moto mpaka pansi. Injini imabuula, galimoto yonse imanjenjemera, mafuta osasungika n'komwe. Pa injini za petulo za turbo zomwe zimapopera mafuta m'silinda mwenimweni, monga TSI, khalidwe limeneli n'loopsa: mafuta amatha kuyaka okha pulagi isanathethetse moto, vuto lomwe akatswiri amalitcha LSPI, ndipo limatha kuswa pisitoni. N'chifukwa chake opanga oyilo anatulutsa mlingo wa API SN Plus mu 2018 ndi API SP mu 2020, wochepetsa vutoli. Pogula oyilo wa injini yotere, yang'anani zilembo zimenezi pa chigubu. Koma mankhwala oyamba ndi aulere: tsitsani giya.

Kaiyeseni pamsewu musanagwire sipanala

Pezani msewu wabata wokwera pang'ono, nthawi yoti kulibe ana asukulu kapena akabaza ambiri. Pitani awiri. Wina aziyendetsa, maso pamsewu. Wina aziyang'ana geji ya marevu n'kumalemba, kapena azijambula dashibodi pa foni. Injini iyambe yatentha bwino, AC muzimitse.

Mu giya yachiwiri, marevu ali cha m'ma 1,200, pondani moto pang'onopang'ono mpaka afike 3,000. Bwerezani, koma ulendo uno muyambire pa 2,200 ndipo muponde mwamphamvu. Ngati pa 2,200 ikunyamuka mosavuta, ndipo pa 1,200 ikungochedwa koma marevu akukwera mosalala, galimotoyo ndi yabwinobwino, ndi chibadwa chake. Chimene tikusaka ndi kudukiza, kutsamwa, kugunda, kapena kuchedwa komwe kale kunalibe. Mwini galimoto ndi amene amadziwa mmene inkanyamukira chaka chatha; makaniko sakudziwa zimenezo pokhapokha mumuuze.

Funso lopindulitsa kuposa onse ndi lakuti: zinayamba liti? Ngati zinayamba mutangothira mafuta, yambirani pa mafuta. Ngati zinayamba galimoto itangochoka ku sevisi, pali paipi yomwe sinamangidwe bwino, waya wa sensa womwe sunalumikizidwe, kapena mapulagi omwe si ake. Ngati zinayamba anyamata a ku car wash atatsuka injini ndi madzi amphamvu, kapena mutaoloka chithaphwi chakuya nthawi yadzinja, madzi alowa m'maenje a mapulagi kapena m'zolumikizira mawaya. Ngati zabwera pang'onopang'ono kwa miyezi, ganizirani zinthu zomwe zimatha kapena kudetsedwa mwakachetechete: sefa, mapulagi, mwaye.

Onaninso nthawi yake. Kujejema kwa m'mawa kokha, komwe kumatha injini ikatentha, kumaloza ku sensa yoyeza kutentha kwa madzi a injini, ku mwaye wa pa mavalavu, kapena pa dizilo ku ma heater plug. Kujejema koyamba injini ikatentha kumakonda kukhala koyilo kapena pampu ya mafuta yomwe yatopa. Komwe kumabwera thanki ikatsika, makamaka pokhota kapena pokwera chitunda, ndi kwa pampu ya m'thanki kapena kasefa kake.

Mnzanu uja atsike, aime pambali pa msewu, aone utsi mukamanyamuka. Utsi wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wosatha injini itatentha kale, madzi a mu radiator akuchepanso, ndi nkhani ina yaikulu: imitsani galimotoyo, isayendenso mpaka aione. Tsitsaninso galasi mumvetsere. Phokoso la "tsiii" lomwe limabwera mukaponda moto n'kutha mukasiya, ndi mpweya ukuthawa penapake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka la ola pamsewu umenewu lingakupulumutseni ku masipeya angapo ogula mongoyerekeza.

Si zonse zochokera m'injini

Pa galimoto ya manual, kilatchi yotha imanamiza anthu ambiri. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Muli pa liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, mu giya yachinayi, pondani moto mwamphamvu. Marevu akalumpha koma liwiro osasintha, mwinanso kafungo kopserera kakumveka, injini ilibe vuto, kilatchi ikuterereka. Injini yojejema marevu ake sakwera. Ya kilatchi yotha amakwera okha.

Galimoto yomwe imanjenjemera pongonyamuka mu giya yoyamba kapena pobwerera m'mbuyo, koma ikayenda zonse zili bwino, vuto lake limakhala pa kilatchi yodonthera oyilo, pa flywheel, kapena pa malabala omwe injini imakhalapo. Mabuleki ogwira nawonso amalemeretsa galimoto: mukayenda pang'ono, yandikizani dzanja pa tayala lililonse osakhudza chitsulo, lomwe likutentha kuposa anzake ndi lomwelo. Pa msewu wa miyala kapena wamatope, kanyale ka traction control kakamaphethira mukamanyamuka, ndi kompyuta yomwe ikudula mphamvu dala chifukwa matayala akuterereka. Palinso galimoto, VW mwachitsanzo, zomwe zimadula moto zikaona ngati mwaponda buleki, kotero kaswitchi ka pa buleki kakaonongeka, galimoto imakana kunyamuka bwino.

Njira ya mpweya

Apa ndi pomwe mwini galimoto angathe kuchita zambiri ndi manja ake, ndipo kwathu kuno, ndi fumbi la m'chilimwe, mpomwe mavuto ambiri amabisala. Injini ikhale yozima ndi yozizira.

Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, muichotse, muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Ambiri amakonda kuipopa ndi kompuresa n'kuibwezeretsa. Mpweya wamphamvuwo umang'amba pepala timabowo tosaoneka ndi maso, fumbi n'kumadutsa kukadya mapiko a turbo. Musanatseke bokosi, pisani chala m'paipi yomwe imachoka pa sefa kupita ku injini. Muyenera kupezamo moyera. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira, ndiye kuti sefayo inabooka kapena chivundikiro sichikhala bwino. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe muiyang'anenso makoswe. Amamanga zisa m'bokosimo, amatafunanso mawaya.

Pa paipi yomweyo, pafupi ndi bokosi, galimoto zambiri zili ndi sensa yotchedwa MAF. M'kati mwake muli kawaya kopyapyala kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta ya galimoto imawerengera pamenepo kuchuluka kwa mafuta oti ithire. Pa petulo weniweni mlingo wake ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. Kawayako kakavala fumbi, kamamva mochedwa. Mwaponda moto, mpweya walowa wambiri, koma kompyuta ikuthirabe mafuta a mpweya wochepa. Kutsamwa kuja n'kumeneko. Sensayi imatsukika, koma ndi sipuleyi yake yokha yolembedwa kuti ndi ya MAF. Osaikhudza ndi chala, thonje kapena burashi, osathira petulo, ndipo muidikire iume musanaibwezere. Galimoto zina zili ndi sensa ya MAP m'malo mwake, zina zili ndi zonse ziwiri. Pa dizilo, MAP imatsekeka ndi mwaye wosakanikirana ndi oyilo.

Tsopano tsatirani mapaipi akuluakulu ochoka pa turbo kupita ku intercooler, yomwe pa galimoto zambiri ili kutsogolo kwa radiator, ndi obwerera ku injini. Muwafinye limodzilimodzi, muwaunike ndi tochi kunsi kwake, poti ming'alu imakonda kubisala pansi ndi pokhota. Chizindikiro chodalirika ndi malo onyowa ndi oyilo pomwe fumbi lamatirira. M'mapaipiwa mumadutsa kankhungu ka oyilo, zomwe si zachilendo, ndipo pomwe mpweya ukuthawira oyiloyo amasiya chidindo. Zomangira mapaipi muziyese ngati zili zolimba. Intercooler nayo imakhala pansi, pomwe miyala ndi mahampu aatali zimaipeza. Galimoto yomwe inagundapo kutsogolo, ngakhale pang'ono, muiyang'ane m'mbali mwake.

Kuthawa kwa mpweya kuli pawiri. Bowo likakhala pakati pa turbo ndi injini, mpweya womwe sensa yawerenga kale umatayika turbo ikayamba kukankha. Mafuta amachuluka, mphamvu imachepa, dizilo amafuka utsi wakuda. Bowo likakhala pakati pa MAF ndi turbo, kapena pa injini ya petulo kuseri kwa throttle, umalowa mpweya wosawerengedwa. Mafuta amachepa, injini imalira mosakhazikika galimoto itaima, n'kumatsamwa ponyamuka. Timapaipi ting'onoting'ono ta labala topita ku turbo ndi ku timavalavu take musatiiwale. Timauma ndi kutentha n'kusweka kumapeto, ndipo kamodzi kokha kakhoza kulepheretsa turbo yabwinobwino kugwira ntchito. Pomwe maso alephera, magalaja ena ali ndi makina opopera utsi m'mapaipi, bowo n'kudziulula lokha.

Kwa achinyamata okonda phokoso la "pshh" posintha giya: valavu yomwe mumaikayo imataya kunja mpweya womwe MAF yawerenga kale. Kompyuta imathira mafuta a mpweya womwe kulibe, galimoto n'kumatsamwa mukangolowetsa giya ina. Ngati munagula galimoto ili kale ndi chimenechi, bwezeretsani valavu yake yoyamba musanayambe kufufuza kwina.

Throttle ya injini ya petulo imadanso m'mphepete mwa kachitseko kake. Imatsukika, koma pa galimoto zambiri zatsopano, mukaitsuka pamafunika kompyuta kuti iiphunzitsenso poyambira. Funsani kaye ngati makaniko ali nayo.

Moto wa mapulagi, pa galimoto za petulo

Makaniko akhoza kuliza injini galimoto itaima, kuimvetsera, n'kukuuzani kuti, "Bwana, iyi sikumisa, mapulagi ali bwino." Akunena zomwe wamva, koma yesero lake n'losakwanira. M'silinda mukakhala mpweya wothinana, moto umavutika kudumpha pa mpata wa pulagi, pamafunika magetsi amphamvu kwambiri. Pulagi yotha kapena koyilo yofooka imakwanitsa injini ikamalira yopanda katundu, koma imalephera pomwe turbo yayamba kukankha marevu akadali otsika. N'chifukwa chake kumisa kwa galimoto ya turbo kumaonekera pokwera chitunda mu giya yachitatu kapena yachinayi, ngati kugunda kwa "gu, gu-gu" kosatsata ndondomeko. Mutengeni makanikoyo mukayende naye.

Mapulagi muwamasule injini itazizira, kuopa kuononga mazinga a m'mutu wa injini, ndipo muwandandalike motsatana ndi masilinda ake. Nsonga yotuwa mofiirira ndi yabwino. Yakuda youma ikusonyeza mafuta ochuluka, yoyera mbee mafuta ochepa, yonyowa ndi oyilo ikusonyeza kuti oyilo akulowa m'silinda. Imodzi ikasiyana ndi zinzake, silinda yovuta ndi imeneyo. M'dzenje la pulagi mukapeza oyilo, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba ikudontha, ndipo oyiloyo amaononga labala wa koyilo.

Mpata wa pulagi ya injini ya turbo umakhala wocheperapo kuposa wa injini wamba, nthawi zambiri cha m'ma 0.7 kapena 0.8 mm, ndiye pulagi yoti yangokwana pa bowo si kuti ndi yake. Gulani potsata nambala ya m'buku la galimoto kapena ya injini. Samalaninso ndi mapulagi achinyengo okhala m'mabokosi ofanana ndi a NGK kapena Denso. Mtengo ukatsika modabwitsa, muzikayika.

Koyilo musagule zonse nthawi imodzi. Ngati kompyuta yanena kuti silinda 2 ndiyo ikumisa, sinthanitsani koyilo ya 2 ndi ya 3, muyendenso. Vuto likasamukira ku 3, koyilo ndiyo yafa, mugule imodzi. Likakhalabe pa 2, yang'anani pulagi, injekita, kenako mphamvu ya kupanikiza ya silindayo. Kanyale ka injini kakamaphethira m'malo mongoyaka, kumisako n'kwakukulu, mafuta osapsa akukaotcha catalytic converter. Chepetsani moto, mupite ku galaja yapafupi.

Mafuta

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Injini zambiri zamakono sizivutika naye, koma ethanol amayamwa chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino, kapena m'galimoto yoimikidwa miyezi, amatha kulekana, madzi n'kukhala pansi pomwe pampu imayamwira. Nthawi yomwe mafuta asowa, ambiri timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, osadziwa kuti chigubucho munali chiyani dzulo. Ngati mukuwakayikira, thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, muliike panja pamthunzi, kutali ndi moto ndi osuta fodya. Pakapita kanthawi madzi ndi zinyalala zimakhala pansi.

Pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwe yamiramo. Kuyendera kanyale ka mafuta tsiku ndi tsiku kumaifupikitsa moyo. Pampu yofooka imakwanitsa injini ikamalira itaima, koma imaperewera mukaponda moto, ndiye makaniko aiyeze ndi geji injini ikugwira ntchito yolemetsa, osati kungomvetsera ngati ikulira.

Pa dizilo, monga Hilux D-4D, Ranger, Isuzu kapena Nissan NP300, sefa ya mafuta ndiyo yoyamba kukayikiridwa. Pansi pake pali kotsegula kotayira madzi, ndipo pa galimoto zambiri pamwamba pake pali kapampu kopopa ndi dzanja. Popani m'mawa musanalize injini. Kakalimba mutangopopa kangapo, zili bwino. Kakamangofewa, mpweya ukulowa m'njira ya mafuta penapake. Dizilo wosakaniza ndi palafini amaononga pampu ndi mainjekita chifukwa palafini saterera mokwanira.

Pampu za Denso, zomwe zili pa Hilux D-4D, pa injini ya YD25 ya Nissan ndi pa Isuzu zambiri, zili ndi kavalavu kotchedwa SCV komwe kamayeza mafuta olowa m'pampu. Kakayamba kukakamira, galimoto imadukiza pa moto wochepa, imazima poima, nthawi zina imangofooka mpaka mutaizimitsa n'kuiyatsanso. Kamasinthika pakokha, osagula pampu yonse. Chinanso ndi valavu ya EGR, yomwe imabweza utsi pang'ono m'injini pofuna kuchepetsa mpweya woipa. Mwaye ukaikakamiza ili yotsegula, injini imapuma utsi pa nthawi yomwe ikufuna mpweya wabwino, ndiye imatsamwa ndi kufuka ponyamuka. Ena amangoitseka ndi kachitsulo. Ine ndimalangiza kuitsuka pamodzi ndi njira yake, chifukwa kutseka kumayatsa kanyale ka injini pa galimoto zambiri, ndipo kanyale koyaka nthawi zonse sikadzakuchenjezaninso china chikadzavuta.

Chenjezo lalikulu: mapaipi achitsulo opita ku mainjekita a dizilo wamakono amanyamula mafuta pa mphamvu yopitirira mabar 1,500, pamene tayala la galimoto mumangopopa mabar awiri ndi pang'ono. Mafuta otere amaboola khungu. Njira yakale yomasula paipi injini ikulira pofuna kumva silinda yomwe yafa si ya injini izi. Musachite, musalolenso mwana kuimirira pafupi ndi makaniko amene akuchita zimenezi.

Zomwe kompyuta inganene

Pansi pa chiwongolero, cha m'mawondo mwa woyendetsa, pali polumikizira pa mabowo 16. Dongosololi, lotchedwa OBD-II, linakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo ku Ulaya mu 2001 pa galimoto za petulo ndi 2004 pa za dizilo. Kachipangizo kotchipa ka ELM327 kolumikiza ku foni kamawerenga galimoto zambiri, ngakhale zina zakale zomwe zinapangidwira msika wa ku Japan zimafuna makina aakulu a ku galaja.

Manambala omwe amakonda kutuluka pa vutoli ndi awa. P0300 ndi kumisa kosasankha silinda, pamene P0301 mpaka P0304 akutchula silinda yake. P0171 ndi mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya. P0101 ikukhudza MAF, P0401 EGR, P0087 mphamvu ya mafuta yotsika, ndipo P0299 ikunena kuti mpweya wa turbo sukufika pa mlingo wake. Nambala imanena chomwe kompyuta yaona, sinena sipeya yoti mugule. P0299 yagulitsa turbo zambiri pamene cholakwika chinali paipi yong'ambika. Chimodzimodzi P0101 imatha kubwera chifukwa cha bowo pa paipi, sensa ili bwinobwino.

Makaniko asanafufute kalikonse, jambulani manambalawo pa foni, pamodzi ndi tsamba lomwe limasonyeza marevu, liwiro ndi kutentha kwa injini pa nthawi yomwe vuto linachitika. Kufufuta nambala si kukonza galimoto. Pa petulo, pemphani kuona fuel trim, yomwe imasonyeza mafuta omwe kompyuta ikuonjezera kapena kuchotsera. Pakati pa -5 ndi +5 peresenti zili bwino. Kupitirira 10 pali chifukwa. Ikakhala yokwera galimoto itaima n'kutsika marevu akakwera, mpweya ukulowera pabowo. Ikamakwera limodzi ndi marevu, ganizirani MAF yakuda kapena pampu yofooka. Pa dizilo, pemphani kuti ayerekeze mphamvu ya mafuta yomwe kompyuta ikufuna ndi yomwe ikupezeka, achitenso chimodzimodzi ndi mpweya wa turbo, galimoto ikuyenda.

Tsopano turbo

Turbo yomwe yathadi sibisala. Imalira mokweza ngati sayirini, kulira kokwera ndi marevu. Galimoto imafuka utsi wabuluu, oyilo amachepa msanga, ndipo mphamvu imasowa pa marevu onse, osati pansi pokha. Injini itazima ndi kuzizira, makaniko achotse paipi yolowetsa mpweya mu turbo inu mukuona. Unikani mapiko: akhale athunthu, osabenthuka kapena kudyeka m'mphepete. Agwire pakati pa kagudumu n'kukagwedeza. Kusewera pang'ono cham'mbali n'kololedwa bola mapiko asakhudze khoma. Kusewera kolowa ndi kutuluka sikuyenera kumveka. Kagudumu kazizungulira mosakakamira.

Pali mavuto awiri a pa turbo omwe amabweretsadi kujejema pa marevu otsika, ndipo onse safuna turbo yatsopano nthawi zonse. Loyamba ndi kachitseko ka wastegate, komwe ntchito yake ndi kulambalalitsa utsi mpweya ukakwana. Kakapanda kutseka bwino, kapena kandodo kake kakamasuka, utsi umadutsa pambali, turbo n'kumachedwa kudzuka. Lachiwiri lili pa dizilo zambiri zamakono, zomwe turbo yake ili ndi timapiko tosuntha towongolera utsi. Galimoto yongoyenda maulendo aafupi m'tauni imadzaza mwaye pamenepo, timapiko n'kukakamira. Izi zimatsukika, ndipo chokankhira timapikoto chimayezeka pachokha.

Eni galimoto za dizilo adziwe ichi. Turbo ikamataya oyilo wambiri m'njira ya mpweya, injini imatha kuyamba kuyaka ndi oyilo wakewo, marevu kukwera okha, utsi uli tolotolo, kiyi mwazimitsa koma osazima. Pa manual njira ilipo: pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba kwambiri, musiye kilatchi kuti injini izime. Musailizenso mpaka oyilo atachotsedwa m'mapaipi ndi mu intercooler.

Zikafika poti turbo isinthidwe, funsani makaniko chomwe chinapha yakaleyo, poti turbo kawirikawiri imaphedwa ndi oyilo wakuda kapena wochepa, kapena fumbi lodutsa pa sefa, ndipo chomwecho chidzapha yatsopano. Paipi yopititsa oyilo ku turbo isinthidwe kapena itsukidwe bwino, oyilo ndi sefa zake zikhale zatsopano, intercooler itsukidwe, ndipo turbo yatsopano ithiridwe oyilo m'kati isanalizidwe koyamba. Yakaleyo mupite nayo kunyumba; ilipo yomwe imakonzeka. Mukatero, mukakwera chitunda chachitali ngati cha Chikwawa kapena Chiweta galimoto itasenza, isiyeni injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oyilo asapserere m'kati mwa turbo yotentha.